Azakhali, andichotsa pa gulupu ya Maule

Azakhali,

Ndithandizeni, mtima ukundiwawa. Ine ndine sapota wa Maule chibadwire, ndipo kwa nthawi yaitali ndakhala admin wachiwiri pa gulupu yathu ya WhatsApp ya masapota a ku Ndirande kuno. Tilipo ambiri ndithu, ena ali ku Lilongwe, ena ku Joni. Tsono ine ndinaona kuti achinyamatafe tikungotha mabandulo kukangana za penate pamene dziko likuvuta. Shuga wakwera, mafuta timachita kugonera pamzere, ntchito kulibe. Ndiye ndinayamba kuponyapo mauthenga owadzutsa anzanga. Poyamba anthu amayankha bwino, ena mpaka kuwonjezerapo zawo. Kenaka ndinayamba kuponyapo chithunzi cha bwana wina amene akufuna kudzaimira dera lathu, munthu wabwino zedi, amene anatigulirako majezi a katimu kathu ka m'dera. Ndimachiponya m'mawa, masana ndi madzulo. Loweruka lapitali ndinachiponyanso mpira uli mkati, basi admin wamkulu anandichotsa osandiuza n'komwe.

Panopa ndaganiza zogula nambala ina, ndilowe m'magulupu a Manoma, a Silver, a Arsenal ndi a Man U, ndizinamizira kuti ndine sapota wawo, kuti uthenga ufike patali. Ndinamva kuti ku Egypt masapota a mpira ndi amene anagwetsa boma. Nanga ife chikutikanika n'chiyani? Ndalakwa pati, Azakhali?

Ine wanu,
Admin wochotsedwa, Ndirande.

Admin wochotsedwa,

Pepa mwananga, khala pansi umwe madzi. Kalata yakoyi yandiseketsa mpaka aneba abwera kudzasuzumira kuti kwagwanji. Ndikuuziretu kuti ine azakhali ako ndine wa Manoma, choncho kumva kuti mwana wa Maule akulira sikundisowetsa tulo ayi. Koma poti magazi ndi amodzi, ndikuthandiza.

Iwe, mpira uli mkati? Taganiza mnzako wa ku Joni uja. Wagwira ntchito sabata yonse, wagula bandulo, maso ali pa foni kudikira kuti wina amene ali m'bwalo alembe kuti chalowa. Foni ikulira, mtima ukudumpha, akutsegula, akupeza nkhope ya bwana wako ali mu suti akumwetulira. N'chimodzimodzi kuimitsa kwaya ukwati uli pakati kuti ulengeze kuti ukugulitsa nkhumba. Admin wamkuluyo ndi munthu woopa Mulungu. Akadakhala wina akadachita kubwera kunyumba kwako.

Yankho la funso lako walemba wekha m'kalatamu, kungoti sukuliona. Wati pamene umakamba za shuga ndi mafuta anthu amayankha bwino, ena n'kuwonjezerapo zawo. Adayankha chifukwa shuga safunsa kuti uli chipani chanji. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo idakwerera wa MCP, wa DPP, wa UTM ndi wa UDF mofanana, ngakhalenso uja amene savota n'komwe. Nkhani imeneyo inali yawo. Tsiku limene udabweretsa nkhope, nkhani idasanduka yako ndi bwana wako. Iwe ukuzitcha zonsezi kudzutsa anzako, koma ndi ntchito ziwiri zosiyana. Yoyambayo ndi kulankhulira anthu, yachiwiriyo ndi kampeni, ndipo wa kampeni amalipidwa.

Ndiye ndikufunse monga azakhali ako, pano palibe wina akumva. Majezi okha? Bandulo yoponyera chithunzi katatu patsiku amagula ndani? Nambala yatsopanoyo ndalama yake ichokera kuti, munthu amene wangondiuza kuti ntchito kulibe? Ngati akukupatsa kangachepe, ndiye kuti ukugulitsa anzako osawauza, ndipo ndalamayo ukudya wekha. Ngati sakukupatsa kalikonse, ndiye mwananga vuto lako ndi lalikulu kuposa pamenepa, chifukwa ukugwira ganyu yaulere ndipo wataya nayo udindo.

Udziwe chifukwa chimene bwanayo akufunira gulupu yanu. Si kuti amakonda mpira. M'dziko muno malo amene Mlomwe, Mchewa, Mtumbuka, Myao ndi Msena amakhala pamodzi tsiku lililonse, kutukwanizana mwachikondi mpaka pakati pa usiku, wina osafunsa mnzake kuti kwanu n'kuti, ndi ochepa kwambiri. Kumpingo kuli abusa oyang'anira, kuntchito kuli abwana, koma pa gulupu ya mpira munthu amamasuka, ndipo amatsegula uthenga uliwonse chifukwa akuopa kuphonya nkhani ya osewera amene wagulidwa. Wandale aliyense amasirira chinthu chotere. Koma chimene chimachititsa kuti gulupu ikhale ya mtengo wapatali n'chomwecho chimene chithunzi chako chimaphwanya. Ukaponya nkhope ya bwana wako, mawa wa chipani china aponya yake, mkuja wina afunsa kuti iwe kwanu n'kuti, ndipo pakutha pa sabata anthu amene akhala akukumbatirana Bullets ikachinya ayamba kutchulana mitundu. Admin wamkulu adaziona zimenezi zikubwera.

Tsono za ku Egypt zija, amene adakuuzayo adakuuza theka. Magulu a masapota amenewo, Ultras Ahlawy a timu ya Al Ahly ndi Ultras White Knights a Zamalek, adayamba mu 2007, kutatsala zaka zinayi kuti Hosni Mubarak agwe. Zaka zonsezo sankanyamula chithunzi cha wandale aliyense. Mkangano wawo udali ndi apolisi a m'mabwalo a mpira, amene ankawasecha mwachipongwe, kuwalanda nsalu zawo zolembalemba, kuwamenya ndi kuwatsekera m'chitolokosi. Sabata ndi sabata anyamatawa ankasonkha ndalama, kupeka nyimbo, kukwera basi limodzi kukachemerera kutali. Adadziwana nkhope. Adadziwa amene amayamba kuthawa utsi wokhetsa misozi ukaphulika ndi amene amabwerera kukadzutsa mnzake amene wagwa. Pamene anthu adakhamukira ku Tahrir Square mumzinda wa Cairo mu Januwale 2011, iwo adapitako ndi luso limeneli, ndipo apolisi akamabwera ankaima kutsogolo. Koma sadali okha. Kudali ophunzira, amayi, maloya, madotolo ndi ogwira ntchito amene adanyanyala ntchito, mpaka pa 11 Febuluwale Mubarak adatula pansi udindo n'kusiya dziko m'manja mwa asilikali.

Theka limene sadakuuze ndi ili. Pa 1 Febuluwale 2012, ku Port Said, masewero a Al Masry ndi Al Ahly atangotha, khamu la anthu lidalowa m'bwalo n'kuthamangira mbali imene kudakhala masapota a Al Ahly. Geti lotulukira lidali lotseka, apolisi ankangoyang'ana. Anthu oposa 70 adafa usiku umenewo, ambiri mwa iwo anyamata a msinkhu wako ndi ocheperapo. Masapota ambiri a Al Ahly amakhulupirira kuti kudali kuwabwezera chifukwa cha ku Tahrir. Ligi idaima, ndipo itayambiranso matimu adasewera zaka zingapo m'mabwalo opanda anthu. Mu 2015 khoti lidaletsa magulu a ma ultras, ndipo mu 2018 Ultras Ahlawy adalengeza okha kuti gulu latha. Ndiye ukamafunsa kuti ife chikutikanika n'chiyani, uzifunsa ndi ulemu, osati uli chigonere pamphasa foni ili pa chaja.

Poti ukufuna kukalowa kwa a Arsenal ndi a Man U, ndikuuzeko za masapota eni ake a ku England. Mu Febuluwale 2016 eni timu ya Liverpool adalengeza kuti matikiti ena akwera kufika pa mapaundi 77. Masapota sadapite kwa wandale. Adagwirizana kuti pa masewero awo ndi Sunderland pa Anfield, ikangokwana mphindi ya 77, adzuke n'kutuluka. Adatuluka zikwizikwi, timu yawo ikutsogola 2-0, ndipo masewero adathera 2-2. Sabata isadathe eni timu adapepesa n'kubweza mitengoyo. Mu Epulo 2021 matimu 12 olemera a ku Ulaya, kuphatikizapo asanu ndi limodzi a ku England, adalengeza ligi yawoyawo ya Super League. Masapota a Chelsea adatseka msewu kunja kwa Stamford Bridge, a matimu ena adakuwa kwawo, ndipo m'masiku awiri matimu onse a ku England adatulukamo. Uthenga unkayenda pa mafoni, inde, monga momwe iwe ukufunira. Koma udali uthenga wa chinthu chimene chinkamuwawa sapota aliyense monga sapota, ndipo woutumiza ankadziwika dzina ndi nkhope.

Usandimve molakwika. Sindili m'gulu la aja amati mpira ndi ndale siziyendera limodzi. Wonena zimenezo kuno kwathu ndiye kuti wabadwa dzulo. Funsa akuluakulu a pa gulupu yanu za dzina limene timu yako inkadziwika nalo mu 2004. Inali Bakili Bullets, chifukwa Bakili Muluzi ndiye ankaithandiza, ndipo chaka chimenecho idafika mu ndime ya m'magulu ya CAF Champions League n'kukumana ndi Enyimba, Étoile du Sahel ndi Africa Sports. Ine wa Manoma ndikuvomera, ngakhale zikundiwawa pakhosi, kuti timu imene ija inali timu. Koma ndalama za Muluzi zitasiya kubwera timu idavutika zaka zingapo, ndipo amene adatsala nayo ndi masapota omwe aja a pa geti. Chisankho cha 2019 chikuyandikira, Peter Mutharika adalonjeza kumangira Bullets ndi Wanderers mabwalo awoawo. Tonse tidavina, ine ndemwe ndidalulutira. Zaka zidadutsa mabwalowo osatha. Nanga zikho za aphungu ndi ma bonanza aja, sudaonepo kuti zimachuluka mavoti akayandikira, n'kusowa akangowerengedwa? Ndale ndi mpira zidakwatirana kalekale m'dziko muno, kungoti pabanjapo wolamula amakhala wandale, sapota ntchito yake n'kuvina. Iwe ndi majezi akowo sukuyambitsa chatsopano. Wangolowa pamzere wa ovina.

Ngati ukufunadi kuti masapota akhale ndi mawu, nkhani zili mbwee pakhomo panu pomwe. Pa 6 Julayi 2017, pa chikondwerero cha ufulu wodzilamulira, anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, adafa atapondedwa pa mageti a Bingu National Stadium ku Lilongwe, akulimbirana kulowa kuti akaonere Bullets yomweyo ikusewera ndi Silver Strikers. Bwalolo lidali litangotsegulidwa chaka chomwecho. Pa gulupu yanu mudafunsanapo kuti chidasintha n'chiyani pa kayendetsedwe ka mageti kuyambira tsiku limenelo? Kamuzu Stadium, kumene inu ndi ife timakumana pa derby, yakhala ikutsekedwa n'kutsegulidwa, mbali zina za malo okhala zidatchingidwa chifukwa chokalamba, ndipo Flames imachita kukasewerera ku Lilongwe. Mayi amene wapita kukaonera mpira kumeneko angakuuze za zimbudzi, ngati ungapirire kumva. Pali nkhani ya ndalama za pa geti, bwalo lodzaza mpaka anthu kuima koma ndalama zolengezedwa n'kumadabwitsa. Pali matikiti achinyengo. Pali utsi wokhetsa misozi woponyedwa pamene pali ana. Pali osewera amene adatisangalatsa zaka zambiri koma akadwala timachita kuwasonkhera. Zonsezi ndi ndale, mwananga, chifukwa pali unduna wa zamasewero, pali FAM, pali Sulom, pali khonsolo ya mzinda, pali phungu amene amavomereza bajeti ku Nyumba ya Malamulo. Ndipo pa nkhani zimenezi palibe admin amene angakuchotse, chifukwa nayenso amapanikizika pa geti lomwelo.

Komanso ndi nkhani zokhazi zimene zingachititse kuti ine wa Manoma ndiyende nawe msewu umodzi. Ku Turkey mu 2013, pa zionetsero za ku Gezi Park, masapota a Beşiktaş, Galatasaray ndi Fenerbahçe, anthu amene sapatsana moni, adayenda limodzi aliyense atavala jezi ya timu yake. Palibe amene adabisa kuti ndi wa timu iti. Ndipo nawonso adalipira: anthu 35, ambiri a gulu la masapota a Beşiktaş lotchedwa Çarşı, adazengedwa mlandu wofuna kugwetsa boma, khoti lidawapeza osalakwa mu 2015.

Tibwere ku nzeru yako ya nambala yachiwiri, imene yandikomera kuposa zonse. Iwe ukalowe pa gulupu ya Manoma? Uzikalemba ndi zala zakozo kuti Nyerere ndi timu yaikulu m'Malawi muno? Ndikufuna ndidzaone. Tsiku la derby Bullets ikadzachinya, chala chako chidzathamanga chokha, udzaponya kamoto kaja ndi mitima yofiira usadakumbuke kuti uli kwa eni ake. Ngakhale usadafike pamenepo adzakugwira. Masapota amadziwana ndi kalankhulidwe. Adzakufunsa kuti umakhala mbali iti m'bwalo, udabwera ndi ndani, amene adakupatsa link ndani. Munthu amene salankhula timu ikaluza, salankhula ikawina, koma amadzuka 5 koloko m'mawa ndi chithunzi cha wandale, ngakhale mwana amamuzindikira. Ndipo akakugwira, chipongwe sichidzathera pa iwe. Adzanena kuti bwana wako akutuma akazitape m'magulupu, basi mavoti a Manoma onse a m'dera lanu apita. Ungamuthandize bwanji munthu pomudanitsa ndi theka la Ndirande?

Kwa a Arsenal kokha ndiye usayerekeze n'komwe. Anthu amene aja mitima yawo idazunzika kokwanira, asiye apume.

Pali china chimene sindikuseka nacho. Nambala yachiwiriyo si chigoba chobisalamo. Masiku ano simukhadi imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, ndiye dzina lako lili pomwepo. Pa gulupu ya anthu ambiri sudziwa amene akuwerenga mwakachetechete. Pali apolisi amene amachemerera Bullets, pali makadeti a zipani zonse, pali mlamu wa munthu amene ukumunyozayo. Screenshot imatenga kamphindi, ndipo ukafufuta uthenga iyo imatsala. Dziko lino lili ndi lamulo la mu 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, ndipo anthu amangidwapo nalo. Mu 2022 namwino wina adatengedwa ndi apolisi chifukwa cha mawu amene adalemba pa gulupu ya WhatsApp okhudza mtsogoleri wa dziko. Ine ndimaona kuti kumanga munthu chifukwa cha mawu otere n'kulakwa, ndipo ndidzanenabe. Koma maganizo a azakhali ako sadzakutulutsa m'chitolokosi Lachisanu madzulo. Akuluakulu adati wakwatira kwa mphenzi saopa kung'anima, tsono ngati wasankha njira imeneyi, lemba zokhazo zimene ungazibwereze pamaso pa woweruza: zoona, zimene waziona kapena uli nazo umboni, zopanda kutukwana mayi a munthu. Voice note ya munthu wosadziwika imene yayamba ndi mawu akuti tumizani kwa aliyense, usaifowade. Ndipo udzifunse ngati bwana wa majeziyo angabwere kudzakuona ku polisi, kapena foni yake idzakhala yothima.

Chochita n'chosavuta, kungoti chikufuna kuti umeze malovu. Pita kwa admin wamkulu ndi miyendo yako, osati pa foni. Ukapepese za Lowerukalo popanda mawu akuti koma. Akakubwezera, usapemphe u admin, ukhale kaye membala wamba, uzikangana za penate monga anzako, anthu akumbuke kuti ndiwe wa Maule usadakhale wa bwana. Ikadzafika nthawi, upemphe poyera kuti gulupu igwirizane: tsiku lina pa sabata limene kulibe masewero, mukambirane nkhani imodzi yokhudza masapota, ndipo ikathe ndi chochita, kaya kalata yopita ku komiti ya masapota, kaya nthumwi zopita kwa akuluakulu a timu, kaya funso loti aliyense wofuna uphungu m'dera lanu adzayankhe. Aliyense, osati wako yekha. Nthawi yolembetsa mavoti ikadzakwana, kukumbutsana kuti kalembera ali pa sukulu yakutiyakuti palibe angakudandaule, bola osawonjezera kuti mukavotere uje. Akakana, wakana ndi gulu, ulemekeze.

Za bwana wakozo, ngati umamukhulupiriradi, tsegula gulupu ina, uilembe dzina lake pamwamba, uike chithunzi chake cha suti chija, uuze anzako kamodzi kokha kuti wofuna abwere. Obwerawo udzawawerenge bwinobwino. Chiwerengero chimenecho ndicho mphamvu yeniyeni ya bwana wako, ndipo ndikukayika ngati mudzakwane timu ndi ma sabusitichuti omwe.

Pa mlandu wako ndi admin wamkulu, ine ndagamula kuti iye sadalakwe, wolakwa ndiwe. Ndalama ya simukhadi yatsopanoyo ukagulire amayi ako shuga, wati wakwera.

Ndine,
Azakhali ako.